Mawu Amene Sindinalembe M'kope la Asisi

Kuntchito kwathu ku City Centre amandidziwa kuti ndine mayi wouma mtima pa maminitsi. Bwana akalankhula mopsa mtima pamsonkhano, ine ndimalemba momwe walankhuliramo. Mawa lake amabwera pa desiki panga monyong'onyeka, kudzandipempha kuti ndifewetseko pang'ono, ine n'kumuyankha kuti akanafewetsa yekha pakamwa dzulo. Anzanga amati tsiku lina adzandichotsa ntchito, ndipo mwina adzaterodi. Koma khalidwe limeneli sindinabadwe nalo ayi. Ndinaliphunzira mochedwa, munthu wina atapwetekeka kale, ndipo wopwetekekayo sanali ine.

Ndili chaka chomaliza ku yunivesite, ofesi yoona za ophunzira aulumali inalengeza kuti ikufuna anthu olembera anzawo manotsi m'kalasi. Ndisaname, sindinapite chifukwa cha chifundo. Ndinamva kuti zoterezi zimathandiza pofuna ntchito, ndipo ine mwana wa mlonda ndinalibe amalume a maudindo oti n'kudzandigwira dzanja. Komanso ndinkalemba mothamanga koma zooneka, moti anzanga ankabwereka makope anga mpaka kuwathetsa zikuto. Ndinangoti, popeza ndimalembera kale anthu aulesi, kuli bwino ndilembere munthu wofunadi.

Anandipatsa mayi wina amene anali atangolowa m'kalasi mwathu chaka chimenecho. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri ndithu, choncho ndinkawatchula kuti asisi. Kale anali mphunzitsi wa kupulayimale, koma anadwala matenda oumitsa khosi ali kale ndi mwana, ndipo atachira makutu onse awiri anali atatseka. Kulankhula ankalankhula bwinobwino, koma kumva ayi, ngakhale bingu. Chinenero chamanja sanachidziwe mokwanira, ndipo ngakhale akanachidziwa, pasukulupo panalibe womasulira. Ankakhala ku Area 4 ndi mwana wawo wamkazi, ndipo Loweruka ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Old Town. M'kalasi mwathu anabwera chifukwa ankabwereza. Chaka chapitacho analephera, poti analibe wowalembera ndipo ankangoyang'ana milomo ya aphunzitsi. Malamulo a sukuluyo ankalola kubwereza kamodzi kokha. Akalepheranso, kwawo kunali kutha, zaka zonse zija n'kupita pachabe.

Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akundiyeza diresi, kenako anatulutsa makope awiri m'chikwama. Lalikulu anati ndi la manotsi. Laling'ono, la chikuto chofiira, anati ndi la miseche.

"Iwe mng'ono wanga, tamvera," anatero. "Zimene zili pabolodi ndili ndi maso, ndikopera ndekha. Ine ndikufuna zimene zimayenda m'mwambamu. Mphunzitsi akanena kanthu akupukuta m'manja, lemba. Wina akafunsa funso lopusa, lembanso. Usandisankhire."

Ndinaseka n'kugwedeza mutu. Ndinkaona ngati ntchito yake ndi yophweka.

Ankakhala kumanzere kwanga kuti dzanja langa lisamaphimbe zimene ndikulemba, ndipo ankawerenga mawu aliwonse akangotsika pa cholembera. Pasanathe sabata ndinazindikira kuti mphunzitsi amalankhula mofulumira kuposa dzanja la munthu aliyense, ndipo zala zanga zinkachita dzanzi ikamakwana nthawi ya nkhomaliro. Tinapangana zizindikiro zathu. Kanyenyezi kankatanthauza kuti izi zibwera pamayeso, mphunzitsi wabwereza kawiri. Mzere wokhotakhota unkatanthauza kuti wasochera, akukamba za ulendo wake wakunja, mutha kupuma. Popeza sankadzimva okha, nthawi zina ankakweza mawu mosadziwa, nthawi zina ankanong'ona. Ndikawakhudza chigongono kamodzi ankatsitsa, ndikawakhudza kawiri ankakweza. Tsiku lina ndinachedwa kuwakhudza, iwo n'kunena mokweza kuti jekete la mphunzitsi wathu wa chiwerengero linasokedwa ndi munthu wodana naye. Kalasi yonse inagwa ndi phwete, iwo nkhope ili phee ngati sananene kanthu.

Anthu ambiri m'kalasimo ankawapatsa moni wa dzanja n'kudutsa. Sikuti ankadana nawo, koma kucheza nawo kunkafuna kulemba, ndipo achinyamata ulesi. Choncho pafupifupi chilichonse chimene chinkawafika pasukulupo chinkadzera m'dzanja langa. Nthawi imeneyo ndinkanyadira zimenezi, ndipo sindinaone kuti ndi zoopsa. Tikaweruka tinkakwera limodzi minibasi ya m'tauni, iwo n'kumandiuza zimene kondakitala akunong'oneza dalaivala pongowerenga milomo pagalasi. Ankandinena kuti ndimayenda ngati ndikuthamangitsa mbuzi, ndipo mwamuna wodzandikwatira adzafunika njinga. Anandiphunzitsa kusankha nsalu yosasuluka, anandiphunzitsanso kusaopa maofesi. Ndinayamba kuwakonda, ndipo kope lofiira lija linadzaza tinagula lina lofiiranso.

Chaka chomaliza aliyense ankayenera kuchita kafukufuku, ndipo wolephera kafukufukuyo ankalephera chaka chonse. Asisi anasankha kufufuza za moyo wa alonda, osamalira maluwa ndi antchito a m'nyumba amene amachokera m'midzi yozungulira n'kumagwira ntchito m'mipanda ya anthu olemera. Nditamva ndinalumpha, ndinati nkhani imeneyo isakuvuteni, bambo anga ndi mlonda ku Area 14, ndipo ine ndimakhala nawo m'kanyumba ka kuseri. Popeza asisi sakanatha kufunsa anthu pakamwa n'kumva mayankho, anakonza mafunso a papepala.

Bambo anga anaitenga nkhaniyi ngati yawo. Lamlungu masana, akachoka ku tchalitchi, ankayenda geti ndi geti mumsewu mwathu kuitana anzawo. Ankabwera atavala zakutchalitchi, ena akukankha njinga, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kanyumba kathu. Bambo anabwereka mabenchi, anagula ndi zolembera zomwe. Odziwa kulemba ankathandiza osadziwa, wina akakakamira funso ankafunsa mnzake kuti iwe wayankha chiyani pamenepa, ndipo ankatsutsana mpaka kugwirizana yankho limodzi. Ife tinkaona ngati zikuyenda bwino kwambiri. Bambo ankawatchula asisi kuti aphunzitsi, ndipo ankawalankhula pang'onopang'ono atavula chipewa. Zaka zonse zimene iwo ndi anzawo anakhala akutsegulira anthu geti, palibe anawafunsapo kuti mumafika bwanji kuno mvula ikagwa, kapena mumadya chiyani masana. Tsopano mayankho awo ankapita ku yunivesite, ndipo munthu ankachita kuwaona kuti msana wawongoka.

Kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti tipereke ntchito yomaliza, aliyense ankaimirira kutsogolo kwa kalasi kufotokoza pamene wafika, ndipo mphunzitsi wotiyang'anira ankapereka ndemanga. Anali bambo wanzeru zake, koma wokonda kuti anthu amuseke, komanso wosakhazikika, sabata ino ali pano sabata yamawa ali ku msonkhano kunyanja. Asisi anafotokoza bwino, mawu ali pakatikati, sindinawakhudze chigongono ngakhale kamodzi. Atamaliza anabwerera pampando wawo kumanzere kwanga, n'kutsegula kope lofiira, maso ali pa cholembera changa.

Mphunzitsiyo anadzuka n'kuyamba kuyendayenda kumbuyo kwa kalasi, akulankhula atayang'ana pawindo. Asisi sakanatha kuona milomo yake. Anati anthu onse ofunsidwa achokera mumsewu umodzi. Anati zikuoneka kuti anasonkhanitsidwa ndi munthu mmodzi, ndipo ndi anzake okhaokha. Anati mayankho akufanana mpaka pa mawu olakwika, kusonyeza kuti ankaonerana. Kenako anaima n'kunena kuti uyu si kafukufuku, ndi msonkhano wa kwaya ya alonda, ndipo mlonda amene anaimba belu ndiye woyenera kupatsidwa digiri. Anthu anaseka. Atatha kuseka ananena mosapita m'mbali kuti mapepala onsewo atayidwe, ayambirenso, apite ku Area 13 ndi madera ena, afunse munthu aliyense payekha, ndipo akabwera nazo momwe zililimu sadzakhoza.

Cholembera changa chinali chitaima kalekale. Asisi anandigunda ndi bondo pansi pa desiki. Ndinayang'ana nkhope yawo, inali yowala ngati ya mwana amene akudikira kuti amuyamikire. Ndinaganiza za bambo anga ndi mabenchi awo obwereka, manyazi n'kundigwira, mkwiyo n'kundigwiranso. Ndiye ndinalemba kuti: Akuti mwayesetsa, koma muwonjezereko anthu pang'ono ngati mungathe.

Anawerenga, anagwedeza mutu, kenako analoza anthu amene ankapukutabe misozi ya kuseka n'kundiyang'ana mofunsa. Ndinajambula mzere wokhotakhota uja.

"Wolemba, zonsezi mwalemba?" mphunzitsi anafunsa ali kumbuyo.

"Eya," ndinatero.

Anati basi, palibe chifukwa choti abwereze, ndipo anaitana wotsatira.

Ndakhala ndikudzifunsa kwa zaka kuti chinandigwira dzanja n'chiyani. Manyazi a bambo anga analipo, sindingakane. Koma panalinso china chimene ndinakula nacho. Kwathu uthenga woipa sitiupereka wosaphika. Amayi anga anamwalira ndili Folomu 2 kusukulu yogonera komweko. Bambo anabwera kudzanditenga, ndipo anangoti amako matenda akula, tiye ukawaone. Titafika pa depoti ndinati ndiwagulire nthochi, poti ankazikonda. Bambo anaima pambali panga ndikusankha, ndikubweza zobiriwira, ndikufuna zakupsa bwino zoti wodwala asavutike kutafuna. Anandinyamulira okha jumbo. Ndinadziwa zoona titafika pa njira yolowera kumudzi, nditaona masamba atayalidwa pamsewu. Kwa zaka ndinawasungira chakukhosi chifukwa cha nthochi zimenezo, ndipo ndinalumbira kuti ine sindidzachitira munthu zotero. Koma itafika nthawi yanga, dzanja linachita zimene linaleredwa nazo, mutu usanaganize n'komwe.

Potuluka m'kalasi ndinadziuza kuti ndiwauza tikakhala awiri, pamalo abwino, pang'onopang'ono. M'minibasi anali osangalala, akundiuza kuti usiku wathawo sanagone ndi mantha. Ndinati ndiwauza mawa. Mawa lake anabwera ndi zitumbuwa zoti ndikapatse bambo, kuthokoza. Ndinati ndiwauza Lolemba. Abale, bodza limakula msanga. Tsiku loyamba ndikanangoti pepani, dzulo ndinafupikitsa. Patatha sabata ndikanayenera kufotokoza chifukwa chimene ndinakhalira chete sabata yonse. Patatha masabata atatu ndinayamba kudzinamiza ndekha kuti mphunzitsi uja amangoopseza, ndi khalidwe lake, pomaliza adzawamvera chisoni. Ndinafika poganiza kuti munthu wosamva sangamulepheretse kawiri, angachite manyazi. Taonani, ine amene ndinkadziona ngati mnzawo ndinkadalira kuti awakhozetsa mowamvera chisoni.

Asisi anachita zimene ndinalemba. Anapempha bambo kuti awapezere anthu ena owonjezera, bambo n'kubweretsa anzawo ena asanu a mumsewu womwewo, pansi pa mango omwewo. Ine ndinagawa nawo zolembera. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anandifunsa tsiku lina kuti asisi ako aja ayambiranso bwanji ntchito yonse ija, nthawi ikwana? Ndinayankha kuti akuyesetsa. Iye anangoti mayi olimba mtima, n'kumapita. Aliyense ankaganiza kuti asisi akudziwa. Kawiri konse asisi anapita kukagogoda ku ofesi ya mphunzitsi kuti awaonere zimene awonjezera, kawiri konse anapeza kotseka, ndipo ine amene ndinawaperekeza ndinasangalala mobisa. Zimenezi ndimachita nazo manyazi kuposa zonse.

Asisi anapereka ntchito yawo tsiku lisanakwane, yomangidwa bwino, patsamba loyamba atathokoza bambo anga ndi ine.

Zotsatira zitatuluka, ine ndinakhoza. Asisi anakhoza maphunziro ena onse, ena kuposa ine, koma kafukufuku analephera. Ananditumizira meseji yoti pali cholakwika, mwina asokoneza mayina, ndibwere ndi kope tipite kwa mphunzitsi. Ndinakwera minibasi kuchokera ku Area 14. Ndikanatha kunamizira kudwala, ndipo ndinaganizadi zotero, koma ndinapita.

Ulendo uno tinamupeza. Tinakhala monga mwa masiku onse, iwo kumanzere, kope lofiira pa bondo langa. Asisi analankhula mwaulemu, anati iwo anachita zonse zimene anauzidwa, anawonjezera anthu, ndiye akufuna kudziwa pamene analakwitsa. Mphunzitsiyo anavula magalasi, anadabwa zenizeni. Sanakalipe. Anati mayi, ndinakuuzani pamaso pa kalasi yonse kuti mutaye mapepala aja muyambirenso, ndipo ndinanena kuti mukabwera nazo chonchi simudzakhoza. Anati ndinafunsa wolemba wanu ngati walemba, anavomera.

Anamaliza n'kudikira kuti ndilembe. Asisi maso anali pa cholembera. M'chipindamo munthu yekhayo amene akanawafikitsira mawu amenewo anali ine, ndipo mawuwo ankanena za ine. Ndikanatha kulembanso zina, mphunzitsi sankaona kope. Koma ndinalemba zonse, mpaka pamene anati wolemba wanu anavomera.

Anawerenga kamodzi. Anabwereranso pamwamba n'kuwerenga kachiwiri akutsata ndi chala. Kenako anatsegula masamba a m'mbuyo, mofatsa, mpaka anapeza tsiku lija, pamene panali mzere umodzi wa mawu ndi mzere wokhotakhota. Sanandiyang'ane. Anathokoza mphunzitsi, anadzuka, ine n'kuwatsatira ngati mwana wolakwa.

Panja anakhala pa benchi ya simenti pansi pa mtengo, anandipatsa kope n'kundiuza kuti ndilembe zonse zimene zinanenedwa tsiku lija, osasiya kanthu. Chodabwitsa n'chakuti ndinkazikumbukira zonse, liwu ndi liwu, poti ndinali nditazibwereza mumtima masiku onsewo. Ndinalemba za msewu umodzi, za kuonerana, za kwaya ya alonda, za belu. Zinadzaza masamba awiri. Iwo anatenga cholembera n'kuyamba kulemba m'mphepete mwa mfundo iliyonse. Apa analemba kuti masiku atatu, kukonzanso mafunso. Apa masabata awiri, kuyenda m'madera, Loweruka osasoka. Apa sabata imodzi, kulemba. Anawerengera pansi n'kuzungulira yankho. Pafupifupi masabata anayi. Anali nawo asanu ndi limodzi. Anatseka kope, analiika m'chikwama, n'kunyamuka okha kupita kokwerera minibasi.

Mawa lake ndinapita ku ofesi ya ophunzira aulumali kukadziulula. Ndinalemba kalata yofotokoza zonse, ndinasaina, ndinapempha kuti ngati pali chilango chigwere ine, koma iwo awapatse mwayi wina. Mayi wa mu ofesiyo anandimvetsera atagwira tsaya, anati ayesetsa, ndipo ndikhulupirira kuti anayesetsadi. Asisi nawo analemba apilo yawo. Tinadikira mwezi wathunthu. Yankho linali lakuti ndemanga inaperekedwa m'kalasi monga mwa dongosolo, sukulu inapereka wolemba monga inalonjezera, ndipo mwayi wobwereza anali ataugwiritsa kale ntchito. Ine sanandichite kanthu. Anati ndinali wongodzipereka, ndipo panalibe lamulo lonena za wolemba amene wasiya mawu.

Bambo anga ndinawauza madzulo ena asanalowe ntchito, akupopa njinga. Za kwaya ndi belu ndinawauzanso, poti ndinali nditatopa ndi kubisa. Anati mwana wanga, iwe unachita ulemu, mawu ngati amenewo munthu woleredwa sangawanyamule n'kukamutula nawo mnzake pamaso pa anthu. Ndinawakalipira tsiku limenelo, koyamba m'moyo wanga. Ndinati ulemu wanu womwewo ndi umene wamulanda mayi uja digiri. Anangopitiriza kupopa tayala lomwe linali litalimba kale. Ndinalakwa kuwakalipira. Cholembera chinali m'dzanja langa, osati lawo, ndipo mpaka lero sanafunsenso kuti aphunzitsi aja ali bwanji, ngakhale ndikudziwa kuti amafuna.

Panapita miyezi iwiri ndisanalimbe mtima kupita ku Old Town kukawaona asisi. Mameseji anga ankawerenga koma osayankha. Linali Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, m'misewu muli piringupiringu wa anthu ndi akabaza. Ndinawaona ndili patali, pakhonde lija, ataweramira makina, tepi ili m'khosi. Tsopano ankasoka masiku onse. Atandiona sanadzidzimuke. Anachotsa nsalu pa kampando n'kundilozera kuti ndikhale, anandifunsa za bambo, anandifunsa ngati ndayamba kufunsira ntchito. Ulemu wawowo unandipweteka kuposa kutukwana. Ndinatulutsa foni n'kuyamba kulemba chipepeso chimene ndinachikonza m'mutu njira yonse, chofotokoza za amayi anga, za bambo, za nkhope yawo tsiku lija. Anayang'ana mizere iwiri yoyamba n'kuphimba foniyo ndi dzanja.

"Ndikudziwa kuti sunandide," anatero, mawu ali otsika. "Unandimvera chisoni. Chiyambireni kudwala, aliyense amandimvera chisoni. Kuchipatala ankauza achimwene anga, ine ndili pomwepo. Mwamuna wanga akuchoka, mudzi wonse unkadziwa, ine ndinaona chikwama chokha. Ndinkaganiza kuti pasukulu paja ndapeza munthu mmodzi wondiuza."

Ndinayamba kulira, anthu odutsa akutiyang'ana. Iwo sanalire.

"Ukanandilola ndilire tsiku limene lija," anatero. "Ndikanalira mpaka madzulo, mawa lake ndikanayamba ntchito."

Atatero anatembenukira ku makina, anakonza nsalu pansi pa singano n'kuyamba kupalasa. Munthu wosamva akakuchotsera maso, nkhani yathera pomwepo, ulibenso khomo lina lolowera. Ndinakhala pa kampandopo ndikunena kuti pepani asisi, pepani, mokweza ndithu, mpaka telala wa makina oyandikana nawo anandiyang'ana n'kundiuza kuti mayiwa samva. Ndinati ndikudziwa. Ndinadikirabe kanthawi kuti mwina atukula mutu, koma anafika kumapeto kwa msoko, anadula ulusi ndi mano, n'kutenga nsalu ina.